Bawo la a Gwedeza pa Nyanja Yamchere

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina wamakani, dzina lake Gwedeza. Bawo lija mwaliona m'galasi ku miyuziyamu, ati "masewera a apaulendo a m'sitima," mukuyesa n'landani? N'la agogo athu amenewo. Masewera? Ha!

Mbiri ya golide wa ku Joni itamveka, a Gwedeza ananyamuka ndi a Kandulu, amuna a mlongo wawo. Anakakwera sitima ku Chinde, pa nyanja yamchere yopanda tsidya. Madzi uku, madzi uku, mafunde ngati phiri labereka linzake.

A Kandulu anadwala, natsirizika pakati pa madzi. Tsono lamulo la sitima linali lakuti womwalira amponye m'nyanja. Inu, munthu manda ake n'kukhala m'mimba mwa nsomba? Mlongo wawo akadzafunsa manda, a Gwedeza adzamulozera kuti?

A Gwedeza anawakhazika tsonga alamu awo, kuwatsamiritsa pa mgolo, chipewa kumaso, bulangete m'mapewa, bawo pakati.

Anabwera kapitawo wa sitima. "Uyu bwanji sakugwedera?"

"Akuganiza, bwana. Katswiri sathamangira."

M'mawa mwake, yemweyo. "Nanga fungoli?"

"Ndi usipa wa kamba wathu, bwana. Mulaweko?"

Apaulendo anzawo anazungulira, kumachemerera. A Gwedeza nawo kumakalipa: "Alamu, ulesi uja wa kumunda mwafika nawo mpaka kuno? Takatani!"

Koma kapitawo sanakhutire. Anawerama kuti avule chipewa chija. Pomwepo funde linamenya sitima, phwaa! Mkono wa a Kandulu unagwera pa bawo, njere kudumpha, kulowa m'maenje mwa dongosolo, kuwadyera a Gwedeza mzere wonse. Anthu m'manja! Kapitawo anapukusa mutu, nachoka. Mukuti ndikunama? Kawerengeni njere m'galasimo.

Atafika pa doko la Delagowa a Gwedeza ndi anzawo anawatsitsa a Kandulu atawagwirira uku ndi uku ngati woledzera, nakawaika m'dothi, pansi pa mtengo, monga munthu.

Golide a Gwedeza sanabwere naye. Anabwera ndi bawo, ndi mawu oti auze mlongo wawo: "Achemwali, amuna anu agona m'dothi."

N'chifukwa chake ife a kwa Gwedeza sitisiya m'bale panjira, wamoyo kaya wakufa. Ndipo mnzathu akachedwa kutakata pa bawo, timayamba tamutsina kaye.