Masipika a Malemu Apongozi

Panali munthu wina ku Chilomoni amene ankatchuka ndi ampulifaya yake, makina okwezera mawu a nyimbo. Chinali chimakina, abale. Akachiyatsa, malata a nyumba zoyandikana ankanjenjemera, iye n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Munthuyu anakwatira. Mkazi wake, Nachanza, anabwera ndi masipika awiri amatabwa amene malemu bambo ake anachokera nawo ku Joni. Chowakumbukira nacho chinali chokhacho, ndipo chimwalirireni mkuluyo masipikawo anali asanaimbepo.

Tsiku lina Nachanza anati, "Abambo, ndikufuna ndiwamvenso akuimba."

Mwamunayo analumikiza mawaya ku chimakina chake, anzake ali pompo. Atangokweza pang'ono, pepala la m'sipika linayamba kugwedezeka ngati ling'ambika, kafungo ka waya wopserera n'kuyamba kumveka. Nachanza anangogwira pakamwa.

"Kwezani, achimwene," anatero anzake aja. "Akapsa mugula ena."

Iye anazimitsa. Anaona kuti masipikawo analibe vuto, koma mphamvu ya makina ake inawakulira. M'mawa mwake anamangirira chimakinacho panjinga, napita nacho kwa wokonza mawailesi. Kumeneko anachisinthanitsa ndi kaampulifaya kakale, kamphamvu yolingana ndi masipikawo. Anzake anamuseka mpaka kugwira nthiti, ati wadyetsedwa khuzumule.

Atayatsa, mawu sanafike ndi kumpanda komwe. Koma m'nyumbamo munkamveka zonse, ngakhale chala chikamatsetsereka pawaya wa gitala, ngakhale woimba akamakoka mpweya. Nachanza anasiya zovala zimene ankasita, nakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Kwathu ankamveka chonchi," anatero, "bambo ali moyo."

Ine mwamuna ameneyu ndimamusirira, sindibisa. Anataya chomwe ankatchuka nacho, ndipo palibe anamukakamiza.

Tsono iwe mkwati, amene wakhala pamphasa apawe, mphamvu uli nazo, taziona. Pakamwa pakonso timapadziwa, ukayankhula sitifunsa kawiri. Koma mwana wa eni ake amene tikukupatsayu wabwera ndi zake za mumtima, zosachedwa kuwonongeka, ndipo sizigulitsidwa pamsika uliwonse. Usanakweze mawu, uziyamba wamuyang'ana kumaso, uone ngati angathe kunyamula. Akunja akapanda kukumva palibe kanthu. Tsiku limene china chake chidzapse m'nyumba mwakomo, anzako okuuza kuti kweza aja adzakhala atapita kwawo.