Mwana wa Othawa Nkhondo M'manda a Eni Mudzi

Panali mlimi wina kumudzi wa m'malire amene ankadana ndi othawa nkhondo. Zifukwa anali nazo. Anthuwo anafika ambirimbiri chaka cha chilala, namanga misasa kutsidya kwa mtsinje. Mitengo imene iye ankasunga kumunda inathera nkhuni. Mkazi wake ankabwerako kuchitsime ndi ndowa youma. Magalimoto a chimanga cha thandizo ankadutsa pakhomo pake osaima, ana ake akugonera mango owiritsa.

Tsiku lina m'mamawa anapeza bambo wina wa kumisasa akukumba m'mphepete mwa munda wake ndi chikwanje. Pambali panakhala mayi atafukata kanthu kokulunga m'chitenje.

Mlimiyo anakalipa: "Mitengo munamaliza. Tsopano mwayamba munda?"

Bamboyo anati: "Pepani, bambo. Mwana watisiya. Manda a kuno si athu, ndiye timati timuike pano anthu asanadzuke."

"Awiriwiri?"

"Abale athu anatsala m'njira."

Mlimiyo anayang'ana chitenje chija nthawi yaitali. Kenaka anati: "Kwirirani dzenjelo. Kuno munthu sitiika ngati mbuzi. Nditsateni."

Anapita nawo kumanda a kwawo, nayamba kukumba pafupi ndi pamene anagona mayi ake. Achibale ena anang'ung'udza. Koma khasu likamveka kumanda, munthu sakhala m'nyumba. Amuna anabwera ndi makasu awo. Amayi anadzakhala mozungulira namfedwa. A kumisasa nawo anawoloka mtsinje, nayambitsa nyimbo ya kwawo, ndipo eni mudzi ankavomera ngakhale mawu ake sankawamva.

Njala sinathe tsiku limenelo. Mikangano inalipobe. Koma anthu anayamba kuitanana mayina, ndipo mvula isanagwe, a mbali zonse ziwiri anakumba limodzi chitsime chachiwiri.

Abale anga, madandaulo a mlimi uja anali oona, ndipo anu, inu amene mukukhala ndi othawa nkhondo lero, ndi oonanso. Alendo akachuluka, madzi amachepa. Sindikuti mubise zimenezo. Koma iye ankaona chigulu cha anthu, mpaka tsiku limene anaona bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Maliro n'kulirana, inde. Koma musadikire maliro. Amene mukukankhana naye pamjigo, mawa mufunseni dzina lake, ndi amene anatsala m'njira.