Thumba la Pansi pa Bedi

Mwambi wa mlendo ndi kalumo mumaumva kawirikawiri, koma ambiri a inu simudziwa kumene unachokera. Werengani bwino, sindibwereza.

Kumapiri a Dedza kunali sukulu ya ntchito zamanja. Wophunzitsa kusema anali Bambo Chakhumbira, munthu wa dzanja labwino, koma mbale zake zinali ndi vuto limodzi. Ankasema mtengo wauwisi n'kuyanika mbalezo padzuwa, ndipo zikauma zinkang'aluka. Akomiti atatopa anamuuza kuti zikang'alukanso chaka chimenecho, ntchito yamuthera.

Nthawi yomweyo kunafika mkulu wina wochokera ku Norway, dzina lake Halivadi, kudzaphunzitsa kasemedwe ka kwawo. Poti nyumba ya alendo kunalibe, anamupatsa chipinda kwa Chakhumbira.

Nasimango, mkazi wa Chakhumbira, sanamukonde. M'mawa uliwonse mlendoyo ankanola kampeni kokhota pachikopa, kenako n'kumeta cheya cha pamkono pake. Ana anakatcha kalumo. Nanga munthu wabwinobwino n'kumeta cheya m'nyumba ya eni? Akawaza chipika, mtima wa mtengo ankautaya kutali. Choipitsitsa, ankatenga mbale zimene Chakhumbira wasema kumene, n'kuziika m'thumba la utuchi, n'kukankhira pansi pa bedi.

"Bambo a Tiyese, maso muli nawo?" anatero Nasimango kwa amuna ake. "Munthuyu akukumangani. Mbale zanu wazitsekera mumdima, mawa ntchito yanu ndi yake."

Chakhumbira anayankha kuti mlendoyo amafotokoza ndithu, koma Chichewa chake chimathera pa moni ndi zikomo. Iyenso mumtima ankakayika, kungoti ankachita manyazi kufunsa mlendo wogona m'nyumba mwake.

Nasimango sanadikire. Amuna atapita kusukulu, analowa m'chipindamo, anakoka thumba lija n'kuyamba kutulutsa mbale. Anasanthula utuchi kufuna cheya kapena chithumwa, koma sanapeze kanthu. Mbale zimene anatulutsa anakaziyanika padenga la khola kuti dzuwa liwotche mankhwala amene ankaganiza kuti mlendoyo wathira. Zotsalazo anazisiya chifukwa anamva mapazi pakhonde.

Litafika tsiku loti akomiti adzaone ntchito kunyumbako, Nasimango anaitana anansi kuti akhale mboni. Ananena zonse: kalumo, cheya, thumba. Kenako anakwera pampando kutsitsa mbale zimene anapulumutsa. Iliyonse inali ndi mng'alu woti chala n'kulowa.

"Mwaona ntchito ya mlendo wanu?" anatero.

Halivadi anayang'ana mbalezo mwachisoni. Analowa m'nyumba, anatulutsa thumba n'kukhuthula pamphasa. Mbale zotsala zija zinali zouma, zopepuka, zopanda mng'alu ngakhale umodzi. Mothandizidwa ndi wapampando wa komiti, amene ankamva Chingerezi, anafotokoza kuti mtengo wauwisi ukauma mofulumira umang'aluka, choncho kwawo amauumitsa pang'onopang'ono mu utuchi. Mtima wa mtengo amautaya chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. Za cheya, anati mpeni umene sungamete sunanoledwe.

Wapampando anagogoda mbale imodzi ndi chala, namvetsera kulira kwake, nauza Chakhumbira kuti apitirize kuphunzitsa. Atatero anatembenukira kwa Nasimango.

"Mayi, mukanakhala ndi mpata wotulutsa mbale zonse m'thumbamo, bwenzi lero amuna anu ali paulova. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

Anansi anabalalika akubwereza mawuwo, ndipo afika mpaka kwa ife. Tanthauzo lake silovuta. Vuto limene lakukanikani pakhomo, wochokera kwina akhoza kukhala ndi nzeru yake, chifukwa anaona zimene inu simunaone. Kuchenjera ndi mlendo si kulakwa. Koma mukaona chachilendo m'manja mwake, funsani kaye ntchito yake musanakwere padenga.