Nyimbo ya Mlamu Wolanda Dimba

M'mudzi wina munali mayi amene ankakhala kwawo kwa mwamuna wake, ndipo ankalima dimba m'mbali mwa mtsinje. Mwamunayo atamwalira, mchimwene wa malemuwo anamulanda dimbalo. Anabweretsa mboni zabodza, mlandu n'kumukomera.

Mlamu yemweyo ndiye ankapeka nyimbo za kwaya pampingo, ndipo Mulungu anamupatsa mphatsoyo mosaumira. Inalipo nyimbo yake ina ya pamaliro, yonena za Mbusa wonyamula nkhosa yotopa. Ngakhale amuna ouma mtima akaimva ankayang'ana pansi. Koma mayi uja, kwaya ikangoiyamba, ankatuluka m'tchalitchi n'kukaima panja mpaka ithe.

Chaka china, m'nyengo ya njala, mwana wake wamkazi anadwala n'kumwalira. Kumanda, bokosi likutsitsidwa, mayi wina wa kwaya anayambitsa nyimbo ija mosaganiza. Anzake anamutsina. Nyimbo inadukira pakati, ponse panangoti zii.

Namfedwayo anakumbuka kuti mwana wake ankaiimba chapansipansi posinja, poganiza kuti mayi ake sakumva. Anakumbukanso amene anaipeka. Kenako anati, "Imbani. Mwana wanga ankaikonda."

Anaimba. Misozi imene inakana kutuluka chimwalirire mwanayo inatsika.

Atabwerera kunyumba ya siwa, mlamu uja anadzakhala pafupi ndi mayiyo. "Alamu, ndaona kuti mwalola nyimbo yanga. Ndiye kuti zakale zija zatha."

Mayiyo anayankha, "Nyimbo ija yanditonthoza, sindingakane. Koma dimba likadali m'manja mwanu, alamu."

Bamboyo anadzuka n'kuchoka. Kaya anabweza dimbalo, kaya sanabweze, ine sindikudziwa.

Abale anga, chabwino chilichonse chimachokera kwa Mulungu, ngakhale chitadzera m'manja odetsedwa. Mukachilandira simunachimwe. Koma kukoma kwa nyimbo kusakutsekeni pakamwa pa zoipa za woipeka, ndipo musakakamize wolakwiridwa kuimba nawo mtima wake usanafune. Nawenso amene uli ndi luso, usabisale kuseri kwake. Pa tsiku lomaliza Mulungu sadzadabwa ndi luso lako, poti anakupatsa ndi Iyeyo. Adzakufunsa za anthu amene unawaliritsa.