Mwezi Umene Unamukomera Uluk

Ku Tokmok, tauni ya kudziko lakutali la mapiri, m'nyumba ya chipata chobiriwira, munali maliro. Bambo Sagynbek anali atatsikira kulichete Julaye atangoyamba, ndipo pabwalo panaimikidwa chihema cha ubweya m'mene mkazi wawo, mayi Toktokan, ankakhala chofulatira khomo, n'kumabuma akangomva mapazi a odzapepesa. Masiku makumi anayi asanakwane, m'nyumba yotero wailesi siilira, kanema amamufunditsa nsalu, ndipo woimba likhweru amamuyang'ana ndi diso lofiira.

Khomolo tsopano linali la mwana wawo Uluk, poti ndiye mzime. Mzime ndiye amatsala pakhomo n'kusunga mayi ake mpaka tsiku lowatseka maso. Mwamuna amene mayi ake amusiya n'kukakhala kwina, avale chipewa chachitali bwanji, pagulu la amuna alibe pakamwa.

Uluk anali munthu wofatsa ngati nkhosa. Ankagulitsa mankhwala m'sitolo ya kumsewu waukulu, mowa sankalawa, mkazi wake Saikal sanamuikepo dzanja. Koma anali ndi kanthu kake. Tsiku lomaliza la mwezi uliwonse ankadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kosungiramo maapozi, n'kutseka makutu ndi zomvera nyimbo zija, kenako n'kujambula mawu ake akusimba zimene zamukomera mweziwo: masewero a pakompyuta amene wamaliza, makatuni amene waonera, nyimbo zimene zamukakamira m'mutu. Nkhope sankaonetsa, dzina ankabwereka lina. Akatha ankaponya pa intaneti kuti anthu osawadziwa n'komwe amve. Izi zolankhula ndi khoma anthu zikwizikwi n'kumamva n'zoopsa, koma ukawauza ana a lero amati wakalamba. Chiyambire sanaphonyepo, ngakhale mwezi wa ukwati wake, ndipo Julaye ameneyu ndiye unali mwezi wa zana.

Saikal ankadziwa kuti masabata atatu a malirowo, alendo akachepa, mwamuna wake ankalowa m'kachipindako n'kumakankha nthawi ndi masewero ake. Anangotseka pakamwa, poti aliyense ali ndi kaliridwe kake. Koma atamupeza masana a tsiku lomaliza la mwezi akukonza zojambulira, analankhula. Anamukumbutsa kuti dothi la pamanda a apongozi ake linali lisanaume, anamupempha adikire masiku khumi ndi asanu ndi atatu otsalawo.

“Anthu anu am'foniwo safa akadikira,” anatero Saikal.

“Iwe ndiwe wapolisi wanga tsopano?” Uluk anayankha akumwetulira. “Ndani andizindikire? Amayi foni amaigwira chozondotsa. Mphindi makumi awiri zokha, ndatha.”

Saikal anamuuza kuti mphindi imodzi yokha imakwanira kuotcha mulu wa udzu. Iye anati mkazi wake wayamba kulankhula ngati azakhali ake a ku Naryn, n'kukankha chitseko.

Kunkatentha tsikulo, moti kazenera kakumwamba anakasiya kotsekula, ndipo kazenerako kanali kuseri kwenikweni kwa chihema. Uluk anatseka makutu n'kuyamba. Anasimba za sewero lolima dimba pamwezi, m'mene anakolola maungu aakulu ngati galimoto. Anasimba za katuni ya mtsikana wa tsitsi labuluu woweta zinjoka, amene anamuliza misozi m'gawo lomaliza. Anatchula nyimbo zisanu ya oimba a kutali. Pofuna kusangalatsa omvera ake pa mwezi wa zana, anaseka kwambiri nati: “Abale, mwezi wandikomera uwu! Kuntchito anandipatsa tchuthi, ndadyerera!”

Sanamve kuti pachipata pafika abale a ku Talas amene anachedwa kudzapepesa. Sanamvenso mayi ake atayamba kubuma. Saikal atagogoda kuti atuluke akasambitse alendo m'manja, iye anangoponya zojambulazo osazimvera kaye, n'kuthamangira ketulo ya madzi.

Kutacha anapeza kuti omvera achuluka kuposa miyezi yonse. Ambiri ankafunsa chinthu chimodzi: nyimbo ikumveka kumbuyoko ndi ya ndani, poti yaposa zisanu zonse zimene watchula? Uluk anamvetsera. Pansi pa mawu ake pankamveka mawu a mayi ake, opyapyala koma omveka bwino.

Apa ndiye pamene akanazimitsa moto ukadali pa chikuni chimodzi. Koma anayang'ana chiwerengero chija chikukwera ngati mkaka pamoto, nadziuza kuti afufuta madzulo. Madzulo anati mawa. Anafufuta tsiku lachitatu, napuma mpweya wa chipulumutso, osauza munthu. Musamakhulupirire kabatani kofufutira, inu a mafoni. Kamafufuta chimene chili m'manja mwako, osati chimene chalowa kale m'matumba a anthu.

Tsiku la makumi anayi linafika. Anapha hatchi monga mwa mwambo wa kumeneko, miphika ikuluikulu inawira kuyambira m'mamawa, mandasi ang'onoang'ono anawazidwa pansalu zodyera mpaka osaona nsalu. Kunabwera Kubat, mkulu wake wa Uluk, kuchokera ku Bishkek. Kunabwera akuluakulu a ndevu zoyera, a kumzikiti, a kuchimuna ndi a kuchikazi, moti magalimoto awo anatseka kamsewu konse. M'chihema mayi Toktokan ankabuma komaliza, amayi anzawo akuwathandiza. Uluk, thaulo paphewa, ketulo m'manja, ankayenda pamzere wa akuluakulu kuwathira madzi.

Ogasiti ndi mwezi wa maukwati. Mdipiti wa magalimoto a ukwati wina unakhotera m'kamsewuko kufuna kudula njira, n'kutsakamira pachipata chobiriwira, mazenera ali pululu, zimkuzamawu zikugunda mpaka makapu a tiyi kunjenjemera. Poyamba akuluakulu anangokwinya nkhope. Kenako pamwamba pa ng'oma za nyimboyo panatuluka mawu a mayi wokalamba:

“Phiri langa lagwa, mthunzi ndiupeza kuti? Hatchi yako yaima pakhomo, aimasule ndani? Kubat ndi Uluk wawasiyira yani?”

Ng'oma zinadukiza pang'ono, ndipo panamveka mwamuna akuseka: “Mwezi wandikomera uwu! Ndadyerera!” Zinagundanso. Phiri langa lagwa. Ndadyerera. Phiri langa lagwa. Ndadyerera. Munthu wina wosadziwika, wa ntchito yosoka nyimbo, anali atadula mawu a mayi ndi a mwana n'kuwalumikiza, ndipo m'magalimotomo anthu ankagwedeza mapewa, ena akuimba nawo.

M'chihema munangoti zii. Pabwalo panalibe wotafuna. Mkulu wina anatsala manja ali m'malere, madzi akudontha m'zala. Panalibe wofunsa kuti wosekayo ndani, poti onsewo anamva kuseka kumeneko kuyambira mwiniwake ali wosavala. Kubat anathamangira kuchipata nkhope itachita bii. Woyendetsa galimoto yakutsogolo ataona chihema anazimitsa nyimboyo msanga, dzanja pachifuwa, napepesa kuti sanadziwe kuti pali maliro. Ananena kuti nyimboyo yavuta dziko lonse, palibe ukwati ukutha osaivina, ndipo woimbayo ndi gogo wina amene palibe akumudziwa.

Kubat anabwerera pang'onopang'ono naima pamaso pa mng'ono wake.

“Wadyerera?” anafunsa chapansipansi. “Tchuthi chake chiti, mphwanga? Tatiuza, akuluakulu amve nawo.”

Saikal anali ataima pakhomo la khitchini ataluma nsonga ya mpango wake.

Chinsalu cha pakhomo la chihema chinatukuka, mayi Toktokan anatuluka. Masiku makumi anayi onsewo anthu anali asanawaone ataima padzuwa. Maso awo anali ouma gwa. Azakhali a ku Naryn anawagwira mkono nawanong'oneza kuti abwerere akamalize kulira, poti mwambo sunathe.

“Misozi yanga ili kumaukwati,” anatero mayiwo. “Wofuna kuimva akavine kumeneko.”

Sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kumiphika. Anauza Kubat kuti mapemphero akatha akweze bokosi lawo la zovala m'galimoto yake, pamodzi ndi chipewa ndi chikwapu cha malemu. Amayi ena anagwira pakamwa. Mkulu wa kumzikiti anayesa kuwatonthoza kuti mwana ndi mwana, salakwira kutaya, koma iwo anayankha kuti sakumutaya, akungopita kumene makoma alibe makutu.

Uluk anagwada pafumbi, ketulo ikadali m'manja.

“Amayi, sindinamve kuti mukulira, makutu ndinatseka. Ndinafufuta, amayi. Ndilembera onse amene ali nayo, mmodzimmodzi, aichotse.”

“Kuti sunamve ndikukhulupirira,” anatero mayi Toktokan. “Nanga utamva, unafufuta tsiku lomwelo?”

Uluk anazyolika. Mayi ake anamuyandikira. Anamulanda ketuloyo mosalimbana, naipendeketsa mpaka dontho lomaliza. Dothi la Ogasiti linamwa madziwo anthu akuona.

“Uwabwezere m'ketulomu,” anatero. “Akadzadza, udzanditenge.”

Mapemphero anachitika, nyama inagawidwa, koma ambiri ananyamula magawo awo osayang'ana mwini khomo. Dzuwa lisanapendeke galimoto ya Kubat inatuluka pachipata, mayi Toktokan ali kumbuyo, maso kutsogolo.

Uluk analembadi makalata. Ena anachotsa n'kupepesa, ena anamuseka, ndipo pochotsa mmodzi pankamera asanu. Zojambulira zake anazitsekera m'bokosi, mwezi wa zana ndi umodzi sunabwere. Chipinda cha mayi Toktokan, Saikal amachisesa Lachinayi lililonse, mabulangete ali chipindire. Mpaka lero, galimoto ikadutsa pamsewu waukulu mazenera ali otsekula, wogulitsa mankhwala uja amasiya kasitomala pakauntala n'kulowa kuseri.

Inu amene mumalankhula ndi tizipangizo timeneti, yambani mwayang'ana zenera, yambani mwamvetsera amene akulira kuseri kwa khoma. Akale sananame: madzi akatayika saoleka.