Belo la Salaula ku Nyimba

Tsiku lomaliza limene Gideon anaona atate ake ali moyo, aJosiah Daka anali pakhonde la sitolo ku Nyimba, akupalasa makina osokela. Anakangana, monga mwa masiku onse.

"Atate, tsegulani maso. Ku koleji tiphunzila kuti malonda alibe malile. Salaula njotchipa."

"Njotchipa lelo," anatelo atate, ulusi uli kukamwa. "Thonje ili analima aLungu ku Msanzala, analiomba ana athu ku fakitale, ndisoka ndine. Malaya amodzi, mabanja atatu adya. Ukagula chovula mzungu, wadyetsa ndani? Kwela basi, bwana wamaphunzilo, ingakusiye."

Patapita miyezi iwili, chifuwa chinawatenga. Gideon anasiya koleji, nabwela kudzalela alongo ake atatu. Malilo atangotha, anagulitsa makinawo kwa telala mnzawo wa malemu, mai Eneless Mwanza, nakagula belo la salaula, mtolo waukulu wa zovala zakale zakunja, ku Lusaka. Belo saligula ataliona m'kati, umangolipila, n'kusenza.

Analimasula pamsika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Munatuluka majasi aubweya, olemela ngati mwana wa mbuzi, osokedwela maiko a chisanu. Anthu anaseka mpaka kugwila nthiti.

"Mwana wa aDaka, tivale izi kuti tipse tili moyo?"

Sabata zitatu osagulitsa ngakhale limodzi. Kunyumba ufa unafika pansi pa thumba, ndipo Sophia, mlongo wake wamng'ono, analeka kufunsa za sukulu.

M'mawa wina mai Mwanza anafika, makina ali pa wilibala.

"Amai, ndilibe chokubwezelani," anatelo Gideon, maso pansi.

"Ndakufunsa? Atate ako ndiwo anandiphunzitsa kudula kolala, ine ndili wamasiye wopanda pogwila. Makinawa ndinagula kuti asapite kwa mlendo. Aphunzitsi afuna mayunifolomu, nsalu yake ya konkuno, ndipo ine manja ndili nawo awili okha. Khala pansi. Phazi apa. Osathamanga, si njinga iyi!"

Gideon anaika phazi pomwe chitsulo chinasalala ndi phazi la atate ake. Misozi inadonthela pansalu, mai Mwanza nayang'ana kumbali dala.

Akulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Yunifolomu yoyamba imene Gideon anasoka, ya Sophia, inatha pa 9 Januwale 1989.