Chibangili cha Bwana Nguluwe

Padangokhala chaka china chimene mvula idathawa chimanga chili m'mawondo. Njala idalowa m'nkhalango, ndipo monga mwa khalidwe lake idayambira ana.

Nkhokwe yokhala ndi chakudya idali imodzi yokha, ya Nguluwe, amene nyama zidamusankha kukhala mtsogoleri. Chimangacho sadalime iye. Ankabweretsa ndi Akakowa, alendo akutsidya, amene ankati akaona mwana wa nthiti zowerengeka, misozi chuchuchu, nasiya matumba. Nguluwe adazindikira msanga kuti mwana wowonda ndiye munda wosalira mvula. Choncho adasema chibangili cha nsungwi nalamula kuti, "Phala adye yekhayo amene dzanja lake lalowa umu mpaka m'phewa. Wonenepa akadye kwa amake." Chimanga chotsala ankagulitsa kwa Anyani.

Gologolo adali ndi mwana mmodzi, dzina lake Kamtedza. Poyamba dzanja lidalowa, mwana adadya, nayambanso kuseka. Atangoti wanenepako pang'ono, chibangili chidakanira pachigongono.

"Wachira uyu," adatero Nguluwe. "Wotsatira!"

M'mawa mwake Gologolo adabwera atapaka mwana therere kuyambira kuzala mpaka m'khwapa. Dzanja lidalowa mosavuta.

"Bwanji akuterera chonchi, Mayi a Kamtedza?"

"Ndi thukuta la njala, bwana. Inu simungalidziwe."

Mwana adadya. Koma Gologolo poona ana a Mbira, mnansi wake, akunyambita mapale kunja kwa mpanda, mtima udamuwawa. Tsiku lina adafika atabisa mumchira chibangili china chachikulu bowo.

"Bwana, chibangili chanu chada. Alendo akachiona adzati chiyani? Bweretsani ndikachitsuke."

Adatsukadi, koma chimene adabweza chidali china. Manja a ana onse adalowa, onse adadya. Masaya adabwerera, phokoso la masewera lidamvekanso, ndipo Gologolo ankayenda mchira uli m'mwamba.

Paja akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Akakowa atabwera adapeza ana akuthamangitsana. "Njala yatha kuno," adatero mokondwa, nauluka ndi matumba awo kunka kwina.

Nguluwe adayesa chibangili chija pamphuno pake, mphuno yonse idalowa. Adakwiya zedi. Adatseka nkhokwe, nasema china chopapatiza ngati bango. "Wobwera ndi therere ndimudya ndi mchira womwe," adatero, natumiza mthenga kukaitana alendo aja.

Apa Gologolo adaganiza nzeru yake yomaliza, ndipo ine ndikanakonda akanakhala chitsiru. Timizu timene ankakumbira mwana adaleka kumupatsa.

"Amayi, njala."

"Pirira mwanangu. Ukawonda dzanja lilowa, likalowa udya phala mpaka kukolola."

"Amayi, njala."

"Mawa, mwanangu."

Tsiku limene Akakowa adafika, Gologolo adachita kumubereka mwanayo chifukwa kuyenda kudali kutakanika. Dzanja lidalowa mpaka m'phewa, popanda therere. Nguluwe adamunyamula m'mwamba kuti alendo amuone bwino. Akakowa adalira, natsitsa matumba ochuluka kuposa kale.

Phala litabwera, Gologolo adatapa nafikitsa pakamwa pa mwana. "Idya tsopano, Kamtedza. Tawapusitsa."

Phala lidangoyenderera patsaya. Kamtedza sadameze.

Pamaliro Nguluwe adapereka thumba lathunthu la chimanga, nalankhula mawu ogwira mtima okhudza ana. Nyama zidaomba m'manja, ndipo chaka chotsatira zidamusankhanso.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akatola chakudya amachigwira ndi manja awiri, osayamba wadya, n'kumacheukira uku ndi uku. Amakhala akufuna mwana woti amudyetse.

Ndikanati kaphuleni mbatata, koma chaka chimenecho pamoto panalibe choti n'kupsereza.